Ayezi wa ku Kilimanjaro ndi madzi a ku Phalombe

Bungwe la United Nations lidapatula chaka cha 2025 kuti chikhale choganizira za madzi oundana a pamwamba pa mapiri, ndipo lidaikanso tsiku la 21 Malichi kuti chaka ndi chaka anthu azikambirana nkhani yomweyi. Ndikudziwa kuti mlimi wa ku Migowi kapena ku Chiringa akamva zimenezi angoseka nkunena kuti izi ndi za azungu. Ayezi amene ife timamudziwa ndi wa mu fuliji ya pa golosale uja amaziziritsa Fanta, ndi matalala aja amaboola fodya m'munda. Nanga ayezi wa pa phiri la eni ake akasungunuka, chimanga cha kwa Nazombe chimva bwanji?

Funsoli ndi la nzeru. Koma ine ndikuti nkhaniyi ndi yathu, ndipo mlimi wa kuno ayenera kuitchera khutu kuposa bwana wa mu ofesi ku Lilongwe.

Tiyambe ndi chinthucho. Munthu ukamakwera phiri kumanka kuzizira, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene wakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Amene adagonapo pamwamba pa phiri la Mulanje mwezi wa Juni akudziwa m'mene udzu umayerera ndi chisanu m'mamawa. Tsono phiri likatalika kwambiri, mvula siigwanso ngati madzi. Imagwa ngati ufa woyera wozizira umene anzathu amati sinowo. Ufa umenewu ukaunjikana kwa zaka mazanamazana umatsendereka nkusanduka thanthwe la ayezi. Ku maiko monga Pakistan ndi Peru thanthwe limeneli ndi nkhokwe yeniyeni: limasunga madzi nthawi yozizira ndi kumawatulutsa pang'onopang'ono nthawi ya dzuwa, pamene mlimi akuwafunitsitsa. Tirigu ndi mpunga wa m'chigwa cha mtsinje wa Indus ku Pakistan zimamwa madzi otere.

Muno mu Africa mapiri okhala ndi ayezi atsala atatu basi: Kilimanjaro ku Tanzania, lomwe ndi lotalika mamita 5,895, Mount Kenya ku Kenya, ndi Rwenzori m'malire a Uganda ndi Congo. Mmishoni wina wa ku Germany, Johannes Rebmann, ataona nsonga yoyera ya Kilimanjaro m'chaka cha 1848, akatswiri ena ku London adamutsutsa, amvekere ayezi sangakhale m'dziko lotentha chotere. Adzukulu athu mwina adzatitsutsa chimodzimodzi. M'chaka cha 1912 ayezi wa pa Kilimanjaro adakuta malo oposa mahekitala 1,100. Pofika 2011 adatsala osakwana mahekitala 200. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization lidachenjeza m'chaka cha 2021 kuti zinthu zikapitirira chonchi, m'zaka za m'ma 2040 mapiri atatu onsewa adzakhala opanda ayezi.

Ambiri tikamva zimenezi timaganiza za fuliji magetsi akathima: kwatentha, ayezi wasungunuka, yatha nkhani. Koma pansonga pa Kilimanjaro pamazizira koopsa pafupifupi chaka chonse. Akatswiri awiri, Georg Kaser ndi Thomas Mölg, amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya Innsbruck ku Austria, adayeza nyengo ya pamwambapo kwa zaka zingapo, ndipo adapeza kuti ayezi uja akufa ndi njala. Chakudya chake ndi chinyezi chochokera ku nyanja ya mchere ya Indian Ocean, chimene chimafika pa nsongapo ngati sinowo m'nyengo ziwiri za mvula za kumeneko. Sinowo watsopano ndi woyera mbee, ndipo amabweza dzuwa monga m'mene malata atsopano amachitira. Akapanda kugwa, ayezi wakale wodera uja amakhala pa mtunda, dzuwa limamulowa, mphepo youma nkumamunyambita mpaka kutha, nthawi zambiri osasanduka ndi madzi omwe. Cha m'ma 1880 dera la kum'mawa kwa Africa lidayamba kuuma, nyanja zake zidatsika, ndipo ayezi adayamba kubwerera m'mbuyo kuyambira pamenepo. Katswiri wina wa ku America, Lonnie Thompson, yemwe adaboola ayeziyo m'chaka cha 2000, amalimbikira kuti kutentha kwa dziko kwa masiku ano kukufulumizitsa imfayi. Pa mfundo imeneyi amakangana ndithu. Chimene ine ndikutolapo ndi chakuti ayezi wa pa phiri ali ngati kaundula wa mvula. Akamachepa, ndiye kuti kumwambaku kwasintha kanthu.

Nawonso madzi oundana amaisokoneza mvula. Mzungu wina woona za nyengo ku India, Henry Blanford, adalemba m'chaka cha 1884 kuti sinowo akachuluka m'mapiri a Himalaya, dzinja lotsatira mvula imavuta ku India. Chifukwa chake nchakuti nthaka yokutidwa ndi zoyera imachedwa kutentha, ndipo ndi kutentha kwa mtunda kumene kumakoka mphepo ya mvula kuchokera ku nyanja. Choncho ziwirizi zimakokana ngati ng'ombe za pa goli limodzi, ina ikatsimphina inzake imakhota.

Koma mfundo imene idandichititsa kulemba ndi iyi. Katswiri wa zomera wa ku Germany, Andreas Hemp, yemwe wakhala zaka zambiri akufufuza pa Kilimanjaro, adalemba m'chaka cha 2005 kuti anthu akulira maliro olakwika. Madzi amene alimi a khofi ndi nthochi a m'munsi mwa phirilo amathirira mbewu zawo ochuluka sachokera ku ayezi ayi. Amachokera ku nkhalango imene idazungulira phirilo ngati lamba. Iye adapeza kuti kuyambira 1976 moto udawononga mahekitala pafupifupi 15,000 a nkhalango ya kumtunda, ija imakola nkhungu, ndi kuti madzi amene adatayika chifukwa cha motowo ndi ochuluka kutalitali kuposa amene ayezi yense amapereka pa chaka. Alendo amajambula nsonga yoyera, koma wodyetsa mudzi ndi mtengo.

Apa ndiye tafika kwathu.

Phiri la Mulanje pa nsonga ya Sapitwa ndi lotalika mamita 3,002. Silifika pa msinkhu wosunga ayezi, choncho ife nkhokwe yoyera ija tilibe ndipo sitidakhalepo nayo. Nkhokwe yathu ndi udzu wa pamwamba pa phiri, nkhalango za m'zigwa zake, ndi dothi lakuda lofewa ngati siponji limene lili pansi pa zomerazi. Ndipo chinyezi chimene chimadzaza nkhokwe imeneyi chimachokera ku nyanja yomwe ija imadyetsa Kilimanjaro. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imachoka ku Indian Ocean, kudutsa Mozambique, nkudzagunda phiri. Ikamakwera imazizira ndi kutula madzi ake. Chiperoni chimene timafunda nacho mabulangete mu Juni ndi Julaye chidatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, komwe mitambo yake imadzera.

Vuto la ife a ku Phalombe ndi lakuti tili kuseri. Mitambo imayamba yakhuthula katundu wake ku mbali ya minda ya tiyi, ku Lujeri ndi ku Mimosa, ndipo ikamatsikira kwathu imakhala itapepuka. Nchifukwa chake tiyi amakondwa uko pamene kuno timalima nandolo, mpendadzuwa, mapira ndi tchana, mbewu zodziwa kupirira. Mvula imene imagwa pa munda wa ku Migowi payokha siingasunge mtsinje mpaka Okotobala. Madzi amene mayi wa ku Phalombe amatunga m'chilimwe ndi mvula imene idagwa pa phiri mu Febuluwale, phiri nkuisunga, nkumaitulutsa pang'onopang'ono. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imatsika nayo kupita ku nyanja ya Chilwa, pamene Thuchila ndi Ruo amapita nayo ku Shire. Mipopi ya madzi oyenda okha imene makolo athu adakumbira ngalande zake ndi manja m'zaka za m'ma 1970 ilibe injini, injini yake ndi phiri. Matemba a ku Chilwa ndi mpunga wa m'madambo ake nazonso zimayang'ana komweko, ndipo tonse tikudziwa zimene zidachitika nyanjayi itauma mu 1968, 1995 ndi 2018.

Pali chinthu china chimene anthu sachiwerengera chifukwa sichimveka pa denga. Nkhungu ikamadutsa m'nkhalango ya pamwamba, timadontho take timakodwa m'masamba ndi mu ndere zija zimalendewera ku nthambi ngati ndevu za nkhalamba. Timadonthoti timagwera pansi usiku wonse ngakhale kulibe mvula. Pamene mtengo wadulidwa nkhungu imangodutsa osasiya kanthu. Mtengo umene unkagwira bwino ntchito imeneyi ndi mkungudza wa pa Mulanje. Phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Koma ofufuza atayendera phiri mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha. Isanu ndi iwiri, abale anga, pa phiri lonse lija. Ina yonse idasanduka zitseko, mabokosi ndi tizosema togulitsa kwa alendo. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, ndipo ntchitoyo ndi yotamandika, koma mkungudza sukula ngati bulugamu. Wobzala lero akubzalira zidzukulu, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha ntchito ya zaka zisanu.

Tsono taonani m'mene mvula yasinthira. Akatswiri amati mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera ndi 7 pa 100 alionse. Mtambo wa masiku ano uli ngati ndowa yaikulu: umachedwa kudzaza, koma ukapendekeka umakhuthula zonse nthawi imodzi. Mu Januwale 2022 kudabwera namondwe Ana, mu Malichi chaka chomwecho Gombe. Mu 2023 kudabwera Freddy, amene adabadwira kufupi ndi Australia, nayenda pa nyanja masiku 36, nalowa ku Mozambique kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. A zanyengo adayeza mamilimita 1,078 a mvula ku Nkhulambe m'masiku anayi okha. Imeneyi ndi mvula yoposa imene minda yambiri ya m'chigwa chathu imalandira dzinja lonse. M'dziko muno anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 600,000 adathawa m'nyumba zawo. Chaka chimodzi chokha chitapita, mu Malichi 2024, boma lidalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 muli ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Nyengo yomweyo anzathu a ku Kenya ndi Tanzania anali kuthawa madzi osefukira. Nyanja ndi imodzi, koma ikugawa mokondera ndiponso mopsa mtima.

Mlimi aliyense akudziwa kuti chaka cha zokolola zochuluka ndi chimene chimafuna nkhokwe yolimba. Ngati mvula ya miyezi inayi iyamba kugwa m'masabata ochepa, nkusiya mpata wa dzuwa pakati pomwe chimanga chikumasula, ndiye kuti chosunga madzi chikufunika kuposa kale. Ife tikuphwasula nkhokwe pa nthawi yomwe ikufunika kuikuza.

Pano ndisanamize munthu. Alipo ena amene amalankhula ngati kuti mitengo ikadakhalapo Freddy sakadapha munthu. Zimenezo sizoona, ndipo kunena choncho ndi kunyoza anamalira. Napolo adatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946 nthawi imene mitengo inali yosayamba. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi lidakhuthula miyala yaikulu ngati nyumba ndi kupha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe, nthawi imeneyo tikadali pansi pa boma la Mulanje. Dothi la pa phiri lotsetsereka ndi lopyapyala ndipo lidagona pa thanthwe. Likakhuta madzi kupyola muyeso limatsetsereka ndi mitengo yomwe. Mankhwala a napolo ndi kuchoka pa njira yake. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo miyala yobulungira imene munthu amaipeza pokumba maziko a nyumba ndi kalata yochokera kwa napolo wakale yonena kuti ndidadutsa pano ndipo ndidzabweranso. Mafumu ogawa malo ayenera kuiwerenga kalata imeneyi, ndipo boma likamauza anthu kuti asamuke liziwaonetsa kopita, chifukwa munthu sasamukira m'malere.

Ntchito ya mitengo ndi udzu imaoneka m'zaka wamba, zimene ndi zochuluka kuposa zaka za namondwe. Pa phiri lovala, mvula ya maola awiri imalowa pansi ndipo mtsinje umadzaza mofatsa, madzi ake oyera. Pa phiri lometedwa, mvula yomweyo imafika ku mlatho isanakate, itanyamula mchenga umene umakwirira dimba ndi kutseka pomwera mapaipi. Ikakwana Seputembala mtsinje womwewo ndi mchenga wokhawokha, amayi akufukula zitsime m'khwawa. Amene ali ndi zaka makumi asanu angathe kutchula okha mitsinje ya kwawo imene ankasambamo chaka chonse ali ana, lero ndi njira ya mbuzi.

Nanga wolakwa ndani? Utsi umene ukutenthetsa dziko ndi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera, ndipo gawo la Malawi pa utsi umenewu ndi lochepetsetsa. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh ku Egypt mu 2022 maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zolipira zoonongeka zotere, ndipo atsogoleri athu azipita kukalondola ngongole imeneyi mosachita manyazi. Koma macheka amene akulira ku Fort Lister si a ku America. Moto wosakira mbewa ndi akalulu umene umakwera phiri mu Ogasiti sayatsa ndi Mchaina. Ndipo sindikufuna kumva nkhani yongokalipira mnyamata wonyamula thumba la makala pa njinga. Iyeyu ndi wotsiriza pa mzere, amapeza ya ndiwo basi. Matabwa ndi makala ochuluka amayenda pa malole, kudutsa m'misewu ya zipata, kupita ku Limbe ndi ku Blantyre komwe kuli ogula. Lamulo la za nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, zilango zidakwera. Lamulolo liyambe kuluma mwini lole ndi mwini ndalama, tione ngati macheka sakhala chete.

Chimene chimandidabwitsa ndi ndale zathu za ulimi. Kuyambira 2005 nkhani ya ulimi m'dziko muno yakhala nkhani ya feteleza wotsika mtengo. Woyimira chisankho aliyense akafika pa Migowi amalonjeza matumba, ife nkuomba m'manja. Feteleza ndi wofunika, sindikukana. Koma thumba limene lathiridwa pa munda wopanda akalozera, mvula ya usiku umodzi nkulitengera ku Chilwa, lapindulira ndani? Ndipo limene lathiridwa nthaka itauma gwaa silimangowotcha chimanga? Feteleza amadikira madzi, madzi amadikira phiri. Sindidamvepo phungu akufunsidwa pa msonkhano kuti alonda a nkhalango alipo angati ku mbali yathu ya phiri ndipo adalandira liti nsapato. Funso limeneli ndi la ulimi kuposa mafunso ambiri amene timafunsa.

Palinso nkhani ya amene akumwa nawo. Kuyambira 2019 madzi a mtsinje wa Likhubula amayenda m'mapaipi kupita ku Blantyre. Minda ya tiyi imadaliranso phiri lomweli. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse, ndipo alendo akuyembekezeka kuchuluka. Zonsezi ndi zabwino. Koma maganizo anga ndi akuti aliyense wopeza phindu pa madzi a phirili azibwezako kachigawo kodziwika, kolembedwa, kopita ku midzi imene ikulambula njira zotchinga moto ndi kusamala mbande. Munthu wa m'mphepete mwa phiri tikumupempha kuti asiye nkhwangwa kuti wa ku Ndirande amwe madzi. Nanga iye adye chiyani? Ukapanda kuyankha funso limeneli, misonkhano ya zachilengedwe imangokhala yodyera mabanzi.

Ife a m'chigwa tisaganize kuti nkhokwe ili ku phiri kokha. Munda uliwonse ndi kaphiri. Mizere yotsata akalozera, yotsekedwa ndi ngonyeka, imagwira mvula pomwe yagwera m'malo moithamangitsira kwa mnansi. Udzu wa vetiva pa kalozera umagwira dothi. Mapesi osiyidwa m'munda ndi manyowa zimachita ntchito ya siponji ija, ndipo amene adayesa adaona kuti mu ng'amba ya 2024 chimanga cha pa nthaka yophimbira chidachedwa kufota. Kulima mpaka m'milomo ya mtsinje kuli ngati kusenda nkhokwe pansi kuti upeze nkhuni. Tisiyeko mpata, tibwezeretse bango, nsenjere ndi nsungwi. Ndipo popeza mvula ya masiku ano siidziwikanso poyambira, kusakaniza chimanga chocha msanga ndi nandolo, mapira, chinangwa ndi mbatata si umphawi monga ena amanenera. Makolo a Chilomwe adafika nazo mbewu zimenezi akudziwa dziko limene akukhalamo.

Ndikadakondanso kuti sukulu iliyonse ya m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje ikhale ndi choyezera mvula, mwana wa Sitandade 7 azilemba m'kope tsiku ndi tsiku. Chiwiyachi mtengo wake sufika pa thumba limodzi la feteleza. Mudzi ukadziwa kuti mvula ya masiku awiri yadutsa muyeso wakuti, sudikiranso wailesi kuti uchotse ana ndi nkhalamba m'mphepete mwa khwawa.

Moto wa pa phiri umayamba udzu ukauma, cha mu Ogasiti, ndipo umafika poipa mu Okotobala. Njira zotchinga moto zimalambulidwa Juni ndi Julaye, chimanga chili m'nkhokwe, anthu ali ndi mpata. Ndikupempha mafumu athu, a Mkhumba, a Nazombe, a Nkhulambe ndi anzawo, kuti aitanitse nyakwawa zawo, alangizi ndi a za nkhalango nthawi imeneyi isanadutse, agawane phiri chigawo ndi chigawo, ndipo dzina la mudzi woyang'anira chigawo chilichonse lilembedwe pa chikwangwani pa msika kuti utsi ukaoneka tidziwe wokamufunsa.